Telesikopu yoonera dzuwa ikatentha: zizindikiro, zifukwa ndi zochita

Dandaulo la anthu oonera dzuwa ndi telesikopu silisintha. Munthu watulutsa telesikopu m'mawa, waika fyuluta yochepetsa kuwala, ndipo madontho akuda a padzuwa akuoneka bwinobwino mpaka m'mphepete mwake. Pakangotha ola limodzi kapena awiri, zonse zachita chimbuuzi, kupotokola fokasi (chokonzera kuthwa kwa chithunzi) osathandizanso. Ambiri amafulumira kuganiza kuti galasi lawonongeka, pamene kawirikawiri galasilo lilibe mlandu. Chavuta ndi kutentha, ndipo sikuchita kufuna kukhale kwakukulu ayi. Galasi likangoposa mpweya wolizungulira ndi digiri imodzi kapena madigiri awiri a Celsius, chithunzi chimayamba kusokonekera.

M'nkhani ino ndikati galasi ndikunena lija lobweza kuwala ngati kalilole. Loti kuwala kumadutsamo ndizilitchula kuti lenzi.

Dzuwa likakwera kumwamba kopanda mitambo, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amalandira mphamvu pafupifupi mawati 1,000. Galasi la masentimita 20 limasonkhanitsa mawati pafupifupi 30, pamene la mamita 4 la telesikopu ya Daniel K. Inouye, pa phiri la Haleakalā ku Hawaii, limasonkhanitsa mawati pafupifupi 13,000. Aluminiyamu wopakidwa pagalasi amabweza pafupifupi 90 peresenti ya kuwalako, ndipo yotsalayo imalowa m'galasi n'kusanduka kutentha. Cholinga cha zonse zili m'munsimu si kuti galasi lizizire kwambiri. Chofunika n'choti galasi ndi mpweya zikhale pa mlingo umodzi wa kutentha.

## Musanakhudze chilichonse

- Musayang'ane dzuwa m'telesikopu yopanda fyuluta yovomerezeka, ngakhale kwa sekondi imodzi. Mbali ya mkati mwa diso imene imalandira kuwala ilibe mitsempha yomva ululu, choncho munthu amapsa osadziwa.
- Kafyuluta kakuda kopotokolera pa kalenzi koyang'anirapo katayeni. Kamakhala pamalo penipeni pamene kuwala kwaunjikana, ndipo kamatha kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo.
- Katelesikopu kakang'ono kolozera, kokhala pamsana pa yaikulu, kavundikireni kapena kachotseni.
- Magalasi ovala poonera kadamsana, a muyezo wa ISO 12312-2, ndi a maso okha. Sateteza munthu woyang'ana m'telesikopu.
- Musanachotse kapena kusintha chipangizo chilichonse, yambani mwaloza telesikopu kutali ndi dzuwa.

## Chizindikiro choyamba: chithunzi chikuwira, ndipo chikuipiraipira dzuwa likamakwera

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse. M'mphepete mwa dzuwa mumagwedezeka monga zimaonekera zinthu mukamaziyang'ana kudzera pamwamba pa moto. Chifukwa chake n'chimodzimodzi: mpweya wofunda ndi wozizira zimapinda kuwala mosiyana, ndipo zikamasakanikirana m'njira ya kuwala, chithunzi chimavina.

Musanagule kanthu, pezani kaye kumene kutenthako kuli. Lozani telesikopu kumbali, ivundikireni, ikhale pamthunzi kwa mphindi 15 kapena 20. Kenako bwererani padzuwa n'kuyang'anitsitsa mphindi zoyambirira. Ngati chithunzi chayamba chili chakuthwa n'kumaipa pang'onopang'ono, vuto lili m'telesikopu momwemo. Ngati chikuwira kuyambira sekondi yoyamba, ndi mpweya wa panja.

1. Pansi ndi zomanga zapafupi zatentha. Konkire, tala ndi madenga zimamwa dzuwa n'kumatulutsa mpweya wofunda umene umakwera kudutsa kutsogolo kwa telesikopu.

- Onani chimene chili pansi pa mzere wochokera pa telesikopu kupita kudzuwa. Ngati pali denga kapena khoma, sunthani.
- Imikani telesikopu pa udzu kapena pafupi ndi madzi. Akatswiri anamanga malo oonera dzuwa a Big Bear ku California m'kati mwa nyanja pa chifukwa chomwechi, poti madzi satentha msanga ngati nthaka. Matelesikopu ambiri a dzuwa amakwezedwanso pansanja zopaka zoyera kuti atalikire mpweya wa pansi.
- Gwiritsani ntchito maola awiri kapena atatu oyambirira dzuwa litatuluka, nthaka isanafunde.

2. Galasi lalikulu lafunda kuposa mpweya. Apa m'pamene anthu amasokera kwambiri. Pamwamba pa galasi lofunda pamakhala kampweya kopyapyala kamene kamanyamuka pang'onopang'ono, ndipo kuwala kumadutsamo kawiri, pobwera ndi pobwerera. Aluminiyamu wonyezimira uja, ngakhale amabweza kuwala bwino, salola kutentha kutuluka mosavuta kudzera kumaso kwa galasi. Njira zotsala ndi ziwiri zokha: mpweya woyenda kumaso, kapena kudutsa m'galasi mpaka kumsana. Koma galasi limayendetsa kutentha mozengereza. N'chifukwa chake galasi la Inouye, loposa mamita 4 m'mimba mwake, analipanga lochindikala mamilimita 75 okha, n'kumaliuzira mpweya wozizira kumsana.

- Yezani kutentha ndi kachipangizo komata kumsana kapena m'mbali mwa galasi, ndipo kena kapachikeni pamthunzi pafupi ndi telesikopu. Choyezera kutentha chongolozera patali musachikhulupirire mukachiloza kumaso kwa galasi. Malo onyezimira amachinamiza, chimawerenga kutentha kwa zinthu zimene zikuoneka m'galasimo.
- Ngati telesikopu ndi yaing'ono, thetsani nkhani pakhomo penipeni. Fyuluta yophimba kukamwa konse, ya mlingo wa OD 5, imalola gawo limodzi lokha pa magawo 100,000 a kuwala, ndipo galasi silikhalanso ndi choti limwe. Ineyo ndimaona kuti palibe fani kapena chozizitsira chimene chingafanane ndi kutsekereza kutentha kusanalowe.
- Ikani fani yaing'ono kumsana kwa galasi. Ikakhala ina youzira mopingasa kumaso kwake, ndiye bwino koposa, chifukwa imasesa kampweya kofunda kaja. Imangireni pa mphira kapena pa zingwe zotamuka kuti isagwedeze telesikopu. Zimitsani ndi kuyatsa mukuyang'ana chithunzi. Ngati chikunjenjemera fani ikayaka, chepetsani liwiro.
- Telesikopu imene yagona m'chipinda chofunda kapena m'galimoto itulutseni msanga, ikhale pamthunzi mpaka ifanane ndi mpweya wa panja.

3. Mpweya wa m'chubu wafunda. Chubu chakuda chimamwa dzuwa mbali imodzi, ndipo mpweya umayamba kuzungulira m'katimo. Gwirani chubu ndi dzanja, pamwamba ndi pansi. Mukamva kusiyana, chikutireni ndi nsalu yoyera kapena chofunda chonyezimira, kapenanso ikani chikatoni chachikulu chobooka pakati kutsogolo kwake kuti chubu chonse chikhale mumthunzi.

Vuto limeneli linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri, ndipo njira zimene anayesa zikusonyeza kukula kwake. Telesikopu ya McMath-Pierce ku Kitt Peak, ku America, ya mu 1962, anaiyendetsera madzi ozizitsa m'makoma a chubu chake. Ya Dunn ku Sacramento Peak, ku America komweko, ya mu 1969, anaipopa mpweya wonse kuti m'kati musatsale chowira. Ya ku Sweden ya mita imodzi, imene inayamba ntchito pa chilumba cha La Palma, cha dziko la Spain, mu 2002, inatsata njira yomweyo, ndipo lenzi yake ya kutsogolo ndiyo imatsekanso chubu. Ya THEMIS ku Tenerife, chilumba chinanso cha Spain, anaidzaza ndi mpweya wa helium. Koma windo lagalasi lotseka chubu chopanda mpweya limasenza kulemera kwa matani angapo a mpweya wa kunja, ndipo likapitirira mita imodzi limafuna kuchindikala kwambiri moti nalo limayamba kupotoza chithunzi. Choncho matelesikopu aakulu atsopano, monga GREGOR ya mamita 1.5 ku Tenerife ndi Goode ya mamita 1.6 ku Big Bear, ndi apululu, alibe chubu. Mphepo ndi makina ozizitsa ndizo zimagwira ntchitoyo.

4. Chinyumba cha telesikopu chasunga kutentha. Ngati mumaonera m'chinyumba chokhala ndi mpata umodzi, mpweya wofunda wonse umatulukira pampata womwewo, kutsogolo kwa telesikopu. Tsegulani zitseko ndi mawindo onse kuti mphepo idutse, ndipo makompyuta ndi zida zina zotulutsa kutentha zikhale kunja.

## Chizindikiro chachiwiri: fokasi ikungosuntha

Mwaika bwino, pakapita mphindi 10 yachoka. Mwakonza, yachokanso.

1. Chubu chikutalika. Aluminiyamu wa mita imodzi amatalika ndi mamilimita pafupifupi 0.23 akafunda ndi madigiri 10. Pa telesikopu yokulitsa kwambiri, zimenezi n'zokwanira kutaya fokasi. Chikutireni chubu monga tanenera, ndipo zolowerani kukonza fokasi pafupipafupi ola loyamba.
2. Galasi likusintha kapindikidwe. Kumaso kukafunda kuposa kumsana, galasi limapindika pang'ono. Magalasi wamba amachita zimenezi kwambiri. Mitundu ina ya galasi imachita bwino: borosilicate amafutukuka pang'ono, fused silica pang'ono koposa, pamene Zerodur, imene inagwiritsidwa ntchito pa Inouye ndi GREGOR, pafupifupi sifutukuka n'komwe. Dziwani komabe kuti galasi losafutukuka limafundabe, ndipo limafunditsa mpweya ngati lina lililonse.
3. Chokonzera fokasi chikutsetsereka. Ichi sichikhudzana ndi kutentha. Ngati fokasi imachoka telesikopu ikaloza m'mwamba kwambiri, mangitsani kabauti kake.

## Chizindikiro chachitatu: kunja kuli bata koma chithunzi sichikuthwa

Apa chithunzi sichikuwira. Chili phee, koma pamalo alionse a fokasi sichifika pothwa, kapena chimathwa mbali imodzi n'kufooka mbali ina.

1. Fumbi ndi kutha kwa utoto wonyezimira wa aluminiyamu uja. Pa telesikopu ya usiku fumbi pang'ono si nkhani. Pa ya dzuwa imene kuwala konse kumafika pagalasi, kachidutswa kalikonse ka fumbi kamamwa kuwala n'kukhala kamalo kofunda, ndipo fumbilo limamwazanso kuwala moti madontho akuda amaoneka otuwa. Unikani galasi chammbali ndi tochi telesikopu ili m'nyumba. Fumbi lotayirira lichotseni ndi kampira kouzira mpweya. Musapukute ndi nsalu youma, mungakande utoto. Malo aakulu oonera zakuthambo amatsuka magalasi awo powapemerera carbon dioxide wozizira kwambiri, ndipo imeneyo ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa. Ngati utoto wachita mathothomathotho kapena kuwala kwa tochi kukuonekera kumsana m'malo ambiri, galasi likufunika kupakidwanso.

2. Zogwirira zapana galasi. Chitsulo chogwira galasi chimafutukuka ndi kunyala mosiyana ndi galasilo. Zogwirira zikamangidwa zolimba, kusintha kwa kutentha kumapanitsa galasi n'kulipotoza. Zimasuleni mpaka kapepala kathe kulowa pakati pa chogwirira ndi galasi. Ntchito yake ndi kuletsa galasi kugwa, osati kulikanikiza.

3. Kuzizitsa kwa mbali imodzi. Fani imene ikuuzira pamalo amodzi okha imasiya mbali ina yofunda. Isunthireni pakati, kapena italikitseni pang'ono kuti mpweya ufalikire ponseponse.

4. Mkombero wa lenzi kapena fyuluta ya kutsogolo watentha. Mkombero wakuda wachitsulo umamwa dzuwa n'kufunditsa m'mphepete mwa lenzi kapena fyulutayo, pakati pali pozizira. Uphimbeni ndi mkombero woyera wa katoni, dzuwa lizingogunda lenzi kapena fyuluta yokha.

5. Fyuluta yapepala yakokedwa kwambiri. Mafyuluta opyapyala ngati pepala amagwira bwino akakhala otayirira. Makwinya ake sawononga chithunzi, koma kuikunga ngati ng'oma kumawononga.

## Chizindikiro chachinayi: mame pagalasi

Izi zimagwera anthu amene aika zozizitsira zamphamvu. Galasi kapena paipi ikazizira kupitirira mlingo umene chinyezi cha mumpweya chimasanduka madzi, mame amagwa. Pagalasi amasiya zipsera ndi kudya utoto, ndipo pamawaya amayambitsa ngozi ya magetsi.

- Zimitsani chozizitsira, siyani fani yokha mpaka paume. Musapukute.
- Khalani ndi choyezera chinyezi, ndipo konzani makina kuti azitsatira kutentha kwa mpweya wa panja m'malo mokhala pa nambala imodzi tsiku lonse.
- Galasi lozizira pang'ono kuposa mpweya silisokoneza chithunzi ngati lofunda, chifukwa mpweya wozizira umakhazikika pomwepo osanyamuka. Koma malire ake ndi digiri imodzi kapena madigiri awiri, osapitirira apo.

## Chizindikiro chachisanu: malawi a m'mphepete mwa dzuwa asowa

Izi ndi za amene amaonera ndi fyuluta ya H-alpha, imene imasankha kuwala kofiira kwa hydrogen pa mananomita 656.3 (nanomita ndi gawo limodzi pa magawo 1,000,000 a milimita). Fyuluta imeneyi imalola kampata kakang'ono kwambiri, kosafika gawo limodzi pa magawo 10 a nanomita, ndipo kutentha kukasintha pang'ono kampatako kamasuntha. Dzuwa limangooneka ngati mpira wofiira wosalala.

1. Fyuluta sinafike pa kutentha kwake. Mitundu yokhala ndi chotenthetsera cha magetsi imafuna mphindi pafupifupi 10 ikayatsidwa, komanso mukangosintha kabatani kake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sinthani kamodzi, dikirani nyali yake isonyeze kuti yakhazikika, kenako weruzani.
2. Magetsi ndi ofooka. Batire lotha kapena waya wopyapyala zimalepheretsa chotenthetsera kufika pamlingo.
3. Kuwala kolowa kwachuluka. Telesikopu ikakula kukamwa, dzuwa limafunditsa fyuluta kuposa mmene chotenthetsera chake chikufunira, ndipo chipangizocho chimadziwa kutenthetsa kokha, osati kuzizitsa. Pamafunika fyuluta yokana kutentha, yotchedwa ERF, kutsogolo kwa telesikopu. Kukula kumene ERF imayamba kufunikira kumalembedwa ndi opanga chipangizocho, ndipo tsatirani zimenezo ndendende.
4. Fyuluta ya kumbuyo, yachiwiri yokhala pafupi ndi diso, yakalamba. Ikachita dzimbiri kapena chifunga, chithunzi chimada. Lekani kuigwiritsa ntchito mpaka isinthidwe, poti ndi imodzi mwa zoteteza diso lanu.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: fungo la kupsa, utsi kapena kulira kwa galasi

Lozani telesikopu kumbali nthawi yomweyo n'kuivundikira. Zofufuza zibwere pambuyo.

Chithunzi cha dzuwa pa fokasi, pamalo pamene kuwala kumaunjikana, chimakhala chaching'ono. Telesikopu ya fokasi yotalika mita imodzi imapanga kadzuwa ka mamilimita pafupifupi 9, ndipo mphamvu yonse yolowa pakamwa imaunjikana pamenepo. Chivindikiro cha pulasitiki choiwalidwa pamalo amenewo chimabooka musanathe kutembenuka, n'kusiya utsi umene umamatirira pa malenzi onse a m'kati.

1. Telesikopu yatsalira, dzuwa lasuntha. Dzuwa limayenda mtunda wofanana ndi kukula kwake m'mphindi ziwiri zokha. Makina otsatira akaima, kadzuwa kaja kamachoka pakati n'kukagunda khoma la chubu kapena mbali ya pulasitiki. Musasiye telesikopu yopanda fyuluta ya kutsogolo ikuloza dzuwa inu mulibe.
2. Kuonetsa dzuwa papepala ndi telesikopu yosayenera. Njira imeneyi ndi ya matelesikopu ang'onoang'ono a malenzi, okhala ndi kalenzi koyang'anirapo kachitsulo kopanda zomata. Matelesikopu otsekedwa a magalasi awiri, monga a Schmidt-Cassegrain, amaunjika kutentha pa galasi lachiwiri ndi pa guluu wolimatira.
3. Herschel wedge yaikidwa pa telesikopu yolakwika. Chipangizo chimenechi chimatumiza kudiso pafupifupi 5 peresenti ya kuwala n'kutaya kotsalako, ndipo chimafunikabe fyuluta yochepetsa kuwala ya ND 3 kumbuyo kwake. Ndi cha matelesikopu a malenzi okha, amenenso alibe malenzi ena chakumbuyo kwa chubu. Kumsana kwake kumatentha, ndipo ndi mmene chinapangidwira, choncho musakutseke ndi nsalu.
4. Fyuluta ya kutsogolo yabooka kapena yakhwefuka. Iyang'aneni pa kuwala musanaiike tsiku lililonse, ndipo imangirireni kuti mphepo isaichotse.

## Kwa oyendetsa matelesikopu okhala ndi heat stop

M'matelesikopu aakulu apululu, pamalo pamene galasi lalikulu limaunjika kuwala pamakhala chitsulo chonyezimira chobooka pakati, chozizitsidwa ndi madzi, chotchedwa heat stop. Chimalola kagawo kochepa ka dzuwa kudutsa pabowo n'kutaya kotsalako. Pa Inouye chimachotsa pafupifupi 95 peresenti ya kutentha, pamalo pamene dzuwa lonse launjikana m'kabwalo ka masentimita 7 kapena 8. Malo onsewo ali ndi mapaipi ozizitsira otalika makilomita pafupifupi 11, ndipo gawo lina la kuzizirako limachokera ku madzi oundana amene amapangidwa usiku. Kuwala kukadutsa pamenepo kumafika pa galasi lachiwiri la silicon carbide, chinthu chimene chimayendetsa kutentha mofulumira kwambiri kuposa galasi wamba.

Kutentha kwa heat stop kukamakwera kuposa masiku onse, yang'anani motere:

1. Madzi akuyenda pang'ono: sefa yatsekeka, m'paipi mwalowa mpweya, kapena pampu yafooka.
2. Nkhope yonyezimira yada ndi fumbi kapena yayamba kuthimbirira, choncho ikumwa kuwala kumene imayenera kubweza.
3. Makina ozizitsa madzi sakufika pamlingo.
4. Choyezera chokha chawonongeka. Ichi chiganizireni pomaliza, mutatsimikiza zinazo.

Heat stop ikangofunda pang'ono kuposa mpweya, imawononga chithunzi kwambiri, chifukwa kuwala konse kumadutsa pamalo aang'ono amenewo. Ndiye ngati galasi lalikulu lili pamlingo koma chithunzi chikuwirabe, yezani apa.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

- Mwayang'ana dzuwa mwangozi popanda fyuluta, kapena mukuona kadontho pakati pa zimene mukuyang'ana, kapenanso mizere yowongoka ikuoneka yokhota. Pitani kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo, ngakhale musakumva ululu. Zizindikiro zina zimayamba patapita maola.
- Galasi, lenzi, ERF kapena fyuluta iliyonse yachita mng'alu, ngakhale waung'ono. Guluu sathandiza, ndipo kutentha kumaukulitsa.
- Fyuluta ya H-alpha ikufunika kutsegulidwa. M'katimo muli magalasi otalikirana mwa muyezo wosaoneka ndi maso, ndipo muitumize kwa amene anaipanga.
- Utoto wonyezimira ukufunika kuchotsedwa ndi kupakidwanso. Ntchitoyi imafuna mankhwala oopsa ndi thanki yopanda mpweya.
- Windo lagalasi lotseka chubu chopanda mpweya lakandika kapena likudontha mpweya. Musaime kutsogolo kwake.
- Madzi ozizitsa adontha pafupi ndi magalasi kapena magetsi.
- Chitetezo chimene chimatseka chivindikiro pachokha chagwira ntchito. Musachilambalale kuti mupitirize kuonera. Telesikopu ikhale yotseka mpaka injiniya wodziwa makinawo apeze chimene chinachititsa, n'kuyesa chivindikirocho telesikopu italoza kutali ndi dzuwa.